Namondwe Amayambira Kwanu

Munabwera pa galimoto ya a zaulimi, mayi Zalihata,
nsalu yofiira itaphimba mutu mpaka m'mapewa,
nsapato zikumira m'matope a m'mbali mwa Bua.
Anati ndinu a pachilumba cha Nzwani.
Ine ndinayang'ana kum'mawa ngati ndichiona,
chonsecho chilumba chimene ndimadziwa ndi Likoma,
nachonso n'chongomva.

Womasulira anatopa msanga,
anakwera pachulu kukasaka netiweki.
Tinatsala awiri ndi Chiswahili chothyokathyoka
chimene ndinatola pakhonde la malume anga atelala ku Linga.
Ndinaloza mpunga, inu munati mpunga.
Tinaseka ngati tagwira mbala.

Ndinakuonetsani mchenga wofika m'chiuno
umene mtsinje unasiya pa faya wanga.
Inu munatulutsa foni yong'aluka galasi:
munda wa nthochi, madzi amchere atagonamo,
masamba atapsa ngati wina wawathira madzi owira.
Womasulira atabwerera anapeza ntchito yatha.

Chaka chija mudzi wathu unali chilumba masiku khumi ndi limodzi.
Mlatho unapita, chigayo chinamira,
ufa tinkayeza ndi chivindikiro cha botolo.
Ife tinangolawa.
Inu munabadwiramo,
kumene sitima ikachedwa mtengo wa mpunga umakwera usiku.

Ndinakudulirani mitengo isanu ndi iwiri ya mbundumali,
ndinaimanga ndi luzi, mwamphamvu, ya paulendo.
Alangizi athu, bambo Mkwezalamba, anapukusa mutu:
pabwalo la ndege akalanda,
pafunika chidindo, pafunika kalata ya matenda a mbewu,
akuluakulu akadakambirana kumisonkhano.
Ndinamasula luzi ndi mano.
Ndinakaibzala pamzere wakumapeto,
ndipo ana mpaka lero amati ndi mzere wa Zalihata.

Chimene chinaoloka popanda chidindo ndi manja anu:
botolo louma, mbewu, phulusa pamwamba,
kutseka, kupachika kudenga.
Kenaka zala zitatu m'mwamba.
Mbewu isagone nyumba imodzi.
Lero gulu lathu lili ndi mabotolo kuno,
ena ku Benga kwa mayi Nalikata,
ena kumtunda ku Mwansambo kumene madzi safika.
Amuna anga ankati n'kutaya ndalama za basi.
Anasiya kunena.

Febuluwale, usiku, foni inalira pamphasa.
Mawu anu, ndipo kumbuyo kwake mphepo
ikung'amba malata ngati pepala la kusukulu.
Dada, munati, wafika kuno. Akubwera.
Mawu ena anamezedwa.

Namondwe amayambira kwanu.
Amadya kaye nthochi zanu, amazula kalafu wanu,
n'kuoloka nyanja, n'kupumira kwa anansi ku Mozambiki,
akamafika kuno amakhala atavula mphepo,
wasenza madzi okhaokha.
Munatipatsa masiku anayi.
Tinatsegula ngalande, tinakweza matumba kutchalitchi,
mbuzi tinazikusira kumtunda,
makaka tinawaanula asanaume.
Imamu analengeza pamkuzamawu wa mzikiti,
abusa anabwereka wilibala.
Madzi anabwera ndithu, anatenga zimene anatenga,
koma mbewu anaipeza kulibe.

Pawailesi amatchula mayina a mayiko,
mapangano, nduna, hotela ya m'mbali mwa nyanja yaikulu.
Sindikana, mwina chidindo chija chidzatuluka kumeneko.
Ine ndimangoyang'ana foni.
Ndinakutumizirani mawu Lachiwiri,
ndinatumizanso Loweruka pobwera kudimba,
kachizindikiro kakadali kamodzi.

Mwina ndi magetsi. Mwina nsanja ya mafoni inagwa.
Mwina foni ija galasi linamalizika.

Chinangwa cha pamzere wanu chang'amba nthaka,
ana akufuna kukumba.
Ndawauza adikire kaye.